Thiranki ya Tionenji Yadikira Kalata

Lolemba
Thiranki, bokosi lachitsulo la zovala, yauma penti. Ndalemba ndekha ndi zilembo zoyera: TIONENJI, KOLEJI YA UNAMWINO, ndi chaka chino pansi pake. Mwana wanga wakhoza giredi 12 bwino zedi. Giredi 7 anamusankha, kalata inabwera. Giredi 9 chimodzimodzi. Ndiye koleji ingalephere bwanji? Ndauza kale a mpingo kuti Lamulungu timutsanzika.

Lachiwiri
Pa njinga mpaka kusukulu kwake. Kalata kulibe. Ahedi apita kumsonkhano. Pobwerera, tcheni chaduka pa Zingalume. Ndafika ndikukankha, koma mtima uli m'malo. Makalata a boma sathamanga.

Lachitatu
Kudimba aliyense wasanduka katswiri wa makoleji:
a Phiri akuti popanda kalata ya abusa salandira;
amai Banda akuti munthu sapita kwa akuluakulu chimanjamanja;
alamu anga akuti, "Muli ndi wachibale ku Lusaka? Ngati mulibe, iwalani."
Wachibale ndilibe. Kalata ya abusa ndatenga. Tambala wathu wofiira ndamumanga mwendo kukhonde, adzakhale mphatso ya akuluakuluwo.

Lachinayi
Ndaperekeza amake Tionenji kukiliniki ya ku Pembamoyo. Ndikudzitama kwa anesi, iwo andiyang'ana mondimvera chisoni. "Abambo, koleji siitana munthu. Mwana amafunsira yekha malo, pa intaneti. Atseka mawa."
Ndakumbukira tsopano. Nthawi yopalira chimanga Tionenji anandiuza, "Atate, pamafunika kulembetsa." Ine ndinamukalipira kuti olembetsa ndi olephera, wokhoza amamufuna okha. Pakamwa pangapa!

Lachisanu
Tanyamuka tambala asanalire, ngakhale iyeyo masiku ano salira, wakwiya ndi chingwe. Kuboma, kolembetsera pa intaneti, akufuna: zithunzi, reji (chitupa cha unzika), zotsatira za mayeso zodindidwa chidindo. Reji tili nayo. Zotsatira ndinaziika m'felemu, zili pakhoma kunyumba, kuti alendo aziona. Ndapalasa kukazitenga. Pobwerako, magetsi azima, makina okopera ali duu. Magetsiwo abwera dzuwa litapendeka, wodinda ataweruka. Kalata ya abusa palibe waifunsa n'komwe.
Tionenji sanalire. Bola akanalira.

Loweruka
Amake sakundilankhula, akungomenyetsa mapoto. Tionenji wapita kukakumba mtedza yekha. Ndamuwonongera chaka chathunthu mwanayu, ine bambo wake, ndipo zikundiwawa. Alamu afika ndi mawu awo: "Ndinanena ine, wachibale." Ndatsala pang'ono kuwaponyera felemu.

Lamulungu
Kutchalitchi ndaimirira n'kunena kuti kutsanzika kulibe, wolakwa ndine. A Phiri atsokomola. Tambala tadya masana, anali wolimba ngati lamba wa njinga.
Madzulo ndatenga penti yakuda kuti ndifufute zolemba pa thiranki. Tionenji wandigwira mkono.
"Atate, dzina lisiyeni. Koleji isiyeninso. Fufutani chaka chokhacho."
Ndafufuta. Ndafuna kulembapo chaka chamawa, iye wandilanda burashi.
"Apo ndidzalemba ndekha."