Maphunziro a pa Foni ya Bambo Zimba

Lolemba

Mtsinje wadzaza. Mlatho wamatabwa wapita ndi madzi, ndipo ana anga asanu ndi anayi a giredi 12 okhala kutsidya sakubwera kusukulu. Mayeso a zaulimi ndi Lolemba likubwerali. Ahedi akuti sasuntha tsiku, pofika nthawiyo madzi adzakhala ataphwa, iwo mtsinjewu amaudziwa.

Amene akundisowetsa mtendere ndi Tiwonge. Mutu ali nawo, koma teremu yatha anadwala ndipo sanakhoze bwino. Bambo ake, a Zimba, ananena pamaso panga kuti akalephera mayeso awa, basi, sukulu yatha, akasoke fodya m'chigafa. A Zimba sanena kawiri.

Ndiye ndaganiza zamakono. Maphunziro a pa foni, mothandizidwa ndi AI! Ndondomeko:

1. Phunziro limodzi patsiku, masiku asanu.
2. AI ilemba, ine ndikonza.
3. Mafunso khumi kumapeto, odzichonga okha.
4. Ine ndikhala pakhonde ndi tiyi.

Ndaiuza AI kuti ifotokoze m'Chinyanja, ndipo iziwerenga mokweza, kuti ana amve msanga. Mphindi zinayi, phunziro la nthaka latha. Ine kukoleji linanditengera teremu yathunthu. Ndatsegula gulu pa foni, ndaikamo manambala amene ana analembetsa m'kaundula, ndatumiza.

Ahedi akuti adzanditchula pamsonkhano wa aphunzitsi. Ndayankha kuti sikofunika, koma diresi ndasita kale.

Lachiwiri

Anthu onse asanu ndi anayi amvera phunziro mpaka kumapeto! M'kalasi mwanga sizinachitikepo.

Ndatumiza lachiwiri: fodya, kuyambira ku nazale mpaka m'chigafa.

Masana uthenga wa mawu wafika kuchokera pa nambala ya Tiwonge. Ndautsegula ndikumwetulira. Mawu ake ndi a mwamuna wamkulu, kumbuyo kukulira ng'ombe.

"Monile amadamu. Ndine Zimba. Uyu munthu wanu wa mu foni akamba bwino, koma fodya sanalimepo."

Manambala a m'kaundula ndi a makolo. Ndikanayenera kuganiza. Mwana wasukulu kuno ku Mphamba foni aitenga kuti? Foni imakhala m'thumba la malaya a bambo, ndipo imapita kumene bambowo akupita.

Ndalemba mwaulemu kuti maphunzirowa ndi a ana. A Zimba ayankha: "Yewo. Tizawapasa tikasiliza."

Lachitatu

Mauthenga a mawu: makumi awiri ndi atatu. Ochokera kwa ana: palibe.

Madandaulo a lero:

- Mizere ya fodya imene AI yanena ndi yotalikirana, ikuwononga munda. (A Zimba.)
- Mizere yomweyo ndi yothinana, fodya sangapume. (A Nyirenda, bambo ake a Yohane.)
- Munthu wa m'foniyo atiuze mvula isiya liti.
- Mayi wina akufunsa ngati munthuyo ali pabanja, poti amalankhula mofatsa.

Ndakopera madandaulo onse mu AI kuti indithandize kuyankha. Belu linali litalira, ndiye mayankho ndatumiza osawerenga. Ndawawerenga pa nthawi yopuma. Kwa a Zimba yati anena mfundo yofunika kwambiri. Kwa a Nyirenda yati anena mfundo yofunika kwambiri. Yawathokoza onse awiri chifukwa cha luso lawo.

Amuna awiriwa sanagwirizanepo pa chilichonse chiyambire mkangano wa malire a dimba. Lero ndamva kuti aliyense akuyenda khomo ndi khomo, kuonetsa anthu foni kuti makina amuvomereza.

Ndaifunsa AI kuti nanga wolondola ndani. Yati zimadalira nthaka. Zimenezo ndikanatha kunena ndekha, popanda kutha bando ya intaneti.

Phunziro lachitatu, la feteleza, lapita. Tiwonge: zii.

Lachinayi

Mafunso khumi a fodya adzichonga okha, monga ndinakonzera. Chimene ndinaiwala n'chakuti zotsatira zimatuluka pagulu, aliyense aone.

Nambala ya Yohane: zisanu. Nambala ya Tiwonge: zitatu.

A Zimba, zitatu pa khumi! Pa fodya!

Kenako a Nyirenda atumiza uthenga wa mawu. Mulibe liwu lililonse. Akungoseka, kupuma pang'ono, n'kuyambiranso.

A Zimba atuluka m'gulu. Ndiye kuti foni yokhayo ya kunyumba kwa Tiwonge sikulandiranso kanthu. Ndaimba katatu, sakuyankha. Ndinene zoona, ndili ndi mantha. Mwana uja sanamve phunziro ngakhale limodzi, masiku atsala anayi, ndipo ndine ndemwe ndamukwiyitsira bambo ake.

Ndapempha AI kalata yopepesa. Yalemba ndime zisanu zokoma, n'kuwonjezera njira zolimbikitsira wophunzira amene sanakhoze. Imodzi ndi yoti ndimupatse nyenyezi. Nyenyezi, a Zimba!

Phunziro la mtedza ndatumizabe. Alimvera ndi amayi. Akuti ndi labodza kuyambira pa chiganizo choyamba.

Lachisanu

Ndili m'kalasi, Ahedi andiitanitsa. Mu ofesi muli a Zimba, buluku lonyowa mpaka m'chiuno, foni yokulungidwa m'pulasitiki mkati mwa chipewa. Mtsinje umene ana sangawoloke, iwo awoloka.

Sanabwere ndi Tiwonge. Abwera ndi tsamba la fodya.

"Amadamu, ili tsamba ni giledi bwanji?"

Ndaliyang'ana, ndalitembenuza. Ndati ndi lofiirira. Ahedi ayang'ana pawindo.

"Nalima fodya imwe musanabadwe. Munthu wanu anifunsa zina la kachilombo monga ili mu buku. Ine kachilombo nimakapaya, sinikaitana na zina."

Ndafotokoza kuti mafunsowo sindinawalembere iwo, ndi a mtundu womwewo umene ana amakumana nawo pamayeso. Afunsa ngati zimene amalemba Tiwonge ndi zoterezi. Ndati eya, koma iye amayankha makumi asanu, m'Chingerezi, wotchi ikuyenda. Atenga tsamba lawo.

Potuluka aima pa bedi la repu la kalabu yanga ya zaulimi. Apukusa mutu, apita.

Ahedi akuti za msonkhano wa aphunzitsi zija tikambirana bwino.

Loweruka

Phunziro lachisanu, la ng'ombe, sindinatumize. Anthu a kutsidya ndi ng'ombe zawo ndikuwadziwa. Wina akapeza ziwiri pa khumi andibweretsera nkhunzi mu ofesi.

Gulu likuyenda bwino popanda ine. Alowetsamo alamu awo, ndipo tsopano ambiri sindikuwadziwa. Nkhani za lero:

- mbuzi yosowa, yakuda, yothyoka nyanga
- ndani akupita ku msika wa Lundazi Lachiwiri
- mizere ya fodya (ikupitirira)

Wina wachotsa chithunzi cha gulu, waikapo chigafa chake.

Makina osindikizira a pasukulu inki inatha kalekale, ndiye maphunziro onse asanu ndakopera pamanja m'kope. Zimene AI inalemba ndikumwa tiyi, ine ndalemba kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Dzanja likuwawa. Pokopera ndaona kuti maphunzirowo ndi abwino ndithu, abwino kuposa manotsi anga, ndipo zimenezi zandikwiyitsa kwambiri.

Ndaifunsa AI mmene munthu amawolokera mtsinje wodzaza. Yati ndisawoloke.

Lamulungu

Madzi aphwa, ali m'mawondo. Ahedi mtsinjewu amaudziwadi. Ndawoloka titatuluka m'tchalitchi, nsapato ndi kope pamutu.

Kalasi: chigafa cha a Zimba. Ana asanu ndi anayi pamphasa, fodya akulendewera pamwamba pathu. Maphunziro asanu m'maola atatu, ndi pakamwa. Makolo akhala kumbuyo popanda wowaitana. Andikonza kanayi kokha.

Tiwonge akufunsa mafunso anzeru, akulemba mwachangu, koma sabata yonse sungaibweze masana amodzi. Mawa akhoza kupeza theka, akhoza osalipeza. Ndamuuza zoona. Akuti akudziwa. Zandipweteka kuti sanandidandaulire ngakhale pang'ono.

A Zimba andiperekeza mpaka kumtsinje. Ndayamba kuwapempha kuti mwanayu akalephera mawa asamusiyitse sukulu, vuto ndi langa. Mawu ndinawakonza ambiri. Sanandilole kumaliza.

"Mayeso yanu niyaziba manje, nayalemba. Akapeza vinayi pa khumi, ninshi wanipambana. Apitilize sukulu."

Ndafunsa kuti nanga akapeza zitatu.

"Ninshi watengela ine. Mwana sitingamuchose sukulu chifukwa chotengela atate ake."

Ndawoloka. Maphunziro a pa foni ndatseka. Mawa ndibwerera ku choko.