Tsiku Limene Mubemba Ananena Zoona

Mpaka lero, njinga yamoto ikatsokomola kumbuyo kwanga, ndimadumphira kumbali ndisanatembenuke n'komwe. Ku Chelstone nako sindipitako mwachisawawa, chifukwa kuli amayi ena amene amandikumbukabe, ndipo chimene amandikumbukira si chabwino. Mkazi wanga amati ndiziiulula ndekha nkhaniyi, popeza akainena iye amaiwonjezera mchere.

Ine ndinali mesenjala pakampani ina ya boma kwa zaka zisanu ndi zinayi, kuthamangitsa makalata panjinga yamoto kuchoka ku Cairo Road mpaka ku Woodlands. Nthawi ija makampani a boma ankagulitsidwa ngati tomato wa madzulo, yathu nayo inapita, ife n'kuuzidwa kuti tikapume kunyumba. Kupuma kwake kotani munthu uli ndi mkazi ndi ana atatu m'kanyumba ka ku Kabwata? Chimene ndinkadziwa padziko lino chinali njinga basi, ndipo ndinkadzitama nacho kwambiri (ndinkatha kukweza tayala lakutsogolo pamaloboti, bola wapolisi ayang'ane kumbali).

Ndiye ndinakumana ndi Ba Chanda, Mubemba wa ku Mufulira, wamfupi, wa mano awiri akutsogolo amene anawasiya pabwalo lina ku Kitwe. Iwo ankachita masewera a njinga yamoto. Masiku amenewo katundu watsopano anali atasefukira m'tauni, ndipo kampani ina ya sopo waufa inkatumiza lole ya zimkuzamawu m'misika Loweruka lililonse. Pofuna kuti anthu aunjikane, ankaika matabwa otsamira pamadiramu, amuna asanu ndi atatu n'kugona chagada moyandikana kuseri kwake, Ba Chanda n'kubwera ndi liwiro, kukwera matabwa aja n'kuwadumpha onse.

Ndinawapempha ntchito yodumpha. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndiwe wakuti iwe?"

"Ku Chipata," ndinatero.

"Aaa, mbuya wanga! Wakudya mbeba! Manje mvela, kuno wofuna kujumpa amayamba wagona. Uzagona kumapeto, pamene tayala yakumbuyo imagwela. Ukaiona tayala kuchokela pansi, uzayamba kulemekeza bantu bogona."

Kwa amene simunakhaleko ku Lusaka, Abemba ndi ife akum'mawa tili pachimbuya. Mbuya wako akhoza kukutukwana, kukunamiza, ngakhale kukuthira ufa kumaso pamaliro a amalume ako, iwe osakwiya. Ukakwiya ndiwe wopusa. Umangobweza, umamuuza kuti kwawo amadya anyani, nkhani yatha.

Kunyumba ndinawauza amake Tisa kuti ndapeza ganyu yoyendetsa mapaselo kwa mzungu wina ku Kabulonga. Mukanakhala inu mukanamuuza mkazi wanu kuti mwalembedwa ntchito yogona pansi kuti njinga izikudumphani?

Loweruka loyamba tinali ku Emmasdale. Anandiveka ovolosi yoyera mbee ya kampani ya sopo ija, ndinagona pamalo anga, mtima uli thithithi. Ba Chanda anabwera n'kuwerama pakhutu langa.

"Mbuya, osauza muntu. Nakolewa. Nikuona bantu sikisitini apa, siniziba uti ni iwe."

Injini itangolira, ine ndinadzambatuka, liwiro, mpaka ndinakagwera pathebulo la mayi wogulitsa impwa. Msika wonse unafa ndi phwete. Ba Chanda analumpha bwinobwino anthu otsalawo, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti munthuyo mowa sanaulawepo chibadwire. Kuyambira tsiku limenelo anakhazikitsa lamulo latsopano, loti ogona onse azikolowekana mikono m'zigongono kuti wina asadzukenso. Lamulolo analitcha dzina langa.

Loweruka lachiwiri ku Chunga anandinong'oneza kuti mabuleki anawabwereketsa kwa mlamu wawo. Ndinaluma mano, ndinatsinzina, mphepo inangoti fyuu pamwamba panga, ndipo nditatsegula maso ndinali wamoyo. Ndinadzuka ndikudzimva ngati ndadumpha ndine. M'minibasi pobwerera ndinalumbira kuti Mubemba ameneyu sadzandipusitsanso, chilichonse chotuluka m'mpata wa mano ake ndi bodza.

Ndiye linafika Loweruka la ku Chelstone.

Anthu anali ochuluka kuposa kwina konse, ena atakwera pamitengo, ena pamadenga a timashopu. Ndikumanga mabatani a ovolosi kuseri kwa lole, Ba Chanda anandikokera pambali.

"Mbuya, lelo tichite sikisi chabe. Petulo yamene nagula ni yosakaniza na palafini. Njinga siikoka."

"Ehee," ndinatero. "Nanga lero simunaledzere?"

"Nikamba zoona, iwe. Mvela mwamene ililila."

Anapotokola chogwirira, injini inalira n'kutsokomola kawiri. Ine ndinati mumtima, taonani luso la wakuba uyu, mpaka waphunzitsa njinga kunama. Ndinawasisita paphewa n'kuwauza kuti mwina yadya nyani wosapsa.

Potuluka kuseri kwa lole kuja, maso anga anagwera pa gulu la amayi a chigwirizano cha kutchalitchi, atavala zakuda ndi zoyera, akuchokera kokaona wodwala. Wachitatu kuchokera kumanzere anali amake Tisa. Anandiyang'ana nkhope, anayang'ana ovolosi, anayang'ananso nkhope, kenaka anapinda manja pachifuwa. Kabulonga yense anathera pomwepo.

Munthu wanzeru akanapita kukapepesa. Ine ndinaganiza kuti popeza bodza lagwidwa, bola mkazi aone kuti mwamuna wake ndi munthu wamkulu pamasewera ano, osati chipika chongogonekedwa. Ndinakwera palole, ndinalanda maikolofoni kwa mkulu woulutsa mawu.

"Anthu a ku Chelstone! Mubemba uyu wachita mantha! Akuti lero adumpha anthu sikisi okha, ngati mwana wa sukulu! Ine wa ku Chipata ndikuti teni, ndipo wa nambala teni ndine! Alipo amuna awiri kuno?"

Mfuu wake! Akum'mawa onse anali m'khamumo anayamba kuimba kuti Mubemba wathawa, Abemba nawo akukuwa kuti, "Balangeni, Ba Chanda!" ndiye kuti aonetseni. Anatuluka amuna awiri, wina wowonda, wina chimunthu chogulitsa nyama pamsikapo, epuloni ili magazi okhaokha. Bwana wa kampani ya sopo ankangoomba m'manja, mano onse pamtunda.

Ba Chanda anandiyandikira n'kundichenjeza kachitatu. Sanakweze mawu.

"Mbuya, chosa babili abo. Napapata, chonde."

"Pitani mukakwere, wakuba inu," ndinayankha mokweza kuti amayi a chigwirizano amve.

Anandiyang'ana pang'ono, anayang'ana khamu lija likuwakuwiza, n'kutembenuka kukankha njinga yawo.

Tinagona. Wogulitsa nyama uja anali wa nambala naini, ndipo anakoloweka mkono wake m'chigongono changa, mkono wonenepa kuposa ntchafu yanga. Ndinatembenuza mutu kuti ndione kumatabwa. Matabwa aja ankaoneka patali kwambiri. Ndinawerenga mimba za anzanga, imodzi, ziwiri, mpaka zisanu ndi zinayi, ndipo pamene tayala linkagwera masiku onse, pamene dothi linali lokumbika ku Emmasdale ndi ku Chunga, lero panali pachifuwa panga penipeni.

Kenaka ndinaona zinthu zimene sindinazionepo. Ba Chanda sanayambire pamalo a masiku onse, anakankha njinga kubwerera m'mbuyo, m'mbuyo, mpaka anthu anachita kuwapatukira. Anavula wotchi n'kumupatsa dalaivala wa lole. Anachita chizindikiro cha mtanda. Munthu amene asananyamuke ankavina ndi kutukwana akum'mawa onse, lero anangokhala duu pampando, akuyang'ana pansi.

Mayo ine! Munthu uja ankanena zoona.

"Bwana, tandisiyani," ndinamunong'oneza wogulitsa nyama. "Ndaiwala kanthu."

Iye anali atatsinzina, akupemphera m'Chitonga. Ndinakoka mkono, iye anaufinya kwambiri. Ndinamumenya ndi chidendene, osamva. Ndinafuna kukuwa kuti imani, koma kunangotuluka kamawu ngati ka mwanapiye, ndipo zimkuzamawu zinali zitayamba kale kuwerenga. Lamulo lija la dzina langa linandigwira ine mwini wake.

Sindinachitepo mantha otero chibadwire. Ndinaganiza za Tisa, amene anali atangoyamba giredi wanu, kuti adzamuuza chiyani anzake akamufunsa kuti atate ako anafa bwanji. Ndinaganiza za amake, kuti mawu anga omaliza kuwamva ndi akuti "wakuba inu". Ndinayamba Atate Wathu, ndinafika pa "dzina lanu", mawu ena onse anathawa.

Injini inabwera ikulira, pansi pakunjenjemera m'msana mwanga. Itatsala pang'ono kufika pamatabwa inatsokomola. Ndinaimva ndithu, khoo, kamodzi. Matabwa anati gudu, ndipo njinga inatulukira pamwamba pathu, koma motsika, mochedwa, ngati nkhuku yofuna kukwera padenga. Ndinaona kunsi kwa injini, kwakuda, kukudontha oilo. Ndinaona tayala lakumbuyo likuzungulira, likukula, likulunjika pamene panali mtima wanga. Ba Chanda anati ndidzaliona tayala kuchokera pansi, ndipo ndinaliona mpaka timizere take.

Chimene chinachitika kenaka ndinachita kuuzidwa, chifukwa ine ndinali nditatsinzina. Akuti ali m'mwamba momwemo anadziponyera kumanzere ndi thupi lonse, kuikoka njinga kuti igwe cham'mbali. Inagwa chapafupi ndi phewa langa, chopondera chinang'amba mkono wa ovolosi, ndipo inatsetsereka m'fumbi itapanikiza mwendo wawo. Ndinamva kuthyoka, ngati nkhuni youma.

Ine ndinali chigonere, ndikudziwa kuti ndafa. Kuchokera m'chiuno kutsika kunali kofunda ndi konyowa.

"Magazi!" ndinakuwa, mawu atabwerera. "Ndafa ine! Anthuni, magazi!"

Anthu anathamangira kwa ine poyamba, chifukwa ndine ndinkakuwa. Woulutsa mawu anafika ndi maikolofoni yake m'manja, ndipo amake Tisa anakankha aliyense n'kugwada pambali panga, akulira. Anandigwira mutu, anandigwira chifuwa, anayang'ana ovolosi yoyera ija kumunsi. Kulira kunasiya.

"Si magazi awa, atate ake Tisa. Dzukani."

Maikolofoni inali pakamwa pawo penipeni. Chelstone yense anamva, mpaka amene anali pamadenga. Ndipo woulutsa mawu uja (Mulungu amukhululukire, ine zinandikanika) anatenga paketi ya sopo n'kuwapatsa amake Tisa pamaso pa anthu onse, amvekere uyu amachotsa chilichonse, amayi.

Kuseka kunatha pamene amuna anayi ananyamula njinga ija. Mwendo wa Ba Chanda unali utaloza kumene mwendo suloza. Iwo sanakuwe ngakhale pang'ono, ankangoluma kolala ya jekete, thukuta lili kamukamu. Tinawakweza palole ya sopo yomweyo, ine nditadzikulunga chitenje cha mkazi wanga.

Kuchipatala anakhalako miyezi iwiri, ndipo mwendowo unapola mokhota. Njinga sanakwerenso. Ntchito ya zaka zonse zija, imene anaiperekera mano ndi nthiti, inathera pa Loweruka limodzi chifukwa cha pakamwa panga. Akazi awo, Bana Mwila, ankati ndikalowa m'wodi iwo ankatuluka, ndipo sindinawaimbe mlandu.

Sabata yachiwiri ndinalimba mtima n'kuwafunsa. Ndinali nditawabweretsera malalanje, ndikusenda limodzi kuti manja apeze chochita.

"Ba Chanda, bwanji simunandiuze bwinobwino?"

"Ninakuuza katatu."

"Nanga bwanji munadumphabe? Mukanangokana."

"Wanitana wamanta pamenso pa Chelstone yonse, na maikolofoni. Naine ndine chipuba, chitsilu monga iwe, ninaganiza kuti nikayambila patali izakwanisa." Anayang'ana chikhakha cha mwendo wawo chimene chinali chitapachikidwa pachingwe. "Pamwamba paja ninaona kuti ni viwili chabe, chifuba chako olo mwendo wanga. Ninasanka. Manje nikagona apa usiku, nimaganiza kuti ninasanka molakwa."

Ndinaseka, monga mmene munthu amayenera kusekera mbuya wake akamunyoza. Ndinatsegula pakamwa kuti ndibweze za anyani. Kenaka ndinawayang'ana nkhope, ndipo iwo sankaseka. Sankaonekanso okwiya. Anangotambasula dzanja, kutenga lalanje lija n'kuyamba kudya.

Zaka zapita, ine ndi iwo timaonanabe. Ali ndi kashopu kokonza njinga kumsika wa Kabwata, amayenda ndi ndodo, ndipo akandiona patali amakuwa kuti wakudya mbeba wabwera, bisani ovolosi. Ine ndimabweza, anthu amaseka, mwambo umayenda. Mwana wanga wachinayi dzina lake ndi Chanda, mwana wa Chingoni wa dzina la Chibemba, ndipo kwathu ku Chipata sanandikhululukirebe.

Mukandifunsa chimene ndinaphunzira, ndingakuuzeni kuti munthu akakuuza chinthu katatu, ngakhale akhale mbuya wako, uzitseka pakamwa n'kumuyang'ana m'maso. Koma za mawu a m'chipatala aja, ngati chinali chimbuya kapena zinali zochokera pansi pa mtima, sindidziwa mpaka lero. Ndimakhala nawo pabenchi Loweruka lililonse, mwendo wokhota uja uli pafupi ndi wanga, ndipo kufunsa ndimaopa.