Fulumira, Nsato ndi Mbewa za m'Firiji

Mwambi uja akulu amakudzudzulirani mukachita phuma, ana inu, unayamba motere.

Ku Namadzi kunali mayi wina, a Nachanza, mphunzitsi wopuma pa ntchito, amene anzawo akamaweta nkhuku iwo ankaweta nsato. Musaseke. Inali yaitali ngati chitseko, yonenepa ngati musi, ndipo anaipatsa dzina lakuti Dona. Inkakhala m'bokosi lagalasi m'kanyumba ka kuseri, ana asukulu n'kumabwera kudzaiona. Chakudya chake chinali mbewa zoyera zimene mayiwo ankaweta okha ndi gaga. Zikakula ankazipha n'kuzisunga m'firiji ya m'kanyumba momwemo, mpaka kuuma gwa ngati miyala.

Wosamala Dona anali Likisho, mwamuna wa ku Mponela, wamphamvu zake, wosaba, koma waphuma loopsa. Tiyi ankamwa ataimirira. Kutchalitchi ankayankha "Ameni" abusa asanatsirize pemphero. Dzina lakuti Likisho linafa lokha, anthu n'kumangoti Fulumira.

Tsono Loweruka lina kunali ukwati ku Thondwe, wa mwana wa achimwene awo a Nachanza, ndipo mbiri inali ponseponse yakuti kugwa mbuzi zinayi. Fulumira analeka kudya Lachisanu m'mawa, ati m'mimba mukhale malo. Anabwereka jekete kwa mlamu wake, n'kuisita kawiri. Chovuta chinali chimodzi: Loweruka lomwelo linali tsiku lodyetsa Dona.

Mayiwo ponyamuka m'mawa anakhoma nyumba yaikulu, n'kumuuza kuti m'firiji mwatsala mbewa zisanu ndi imodzi zokha, ndipo Dona adye ziwiri.

"Muziike m'jumbo, jumboyo m'madzi ofunda, osati otentha," anatero. "Mudikire maola awiri. Mukadina pamimba n'kumva kuti pafewa, mum'patse ndi chopanira. Lole ya ku ukwati idutsa 11 koloko, nthawi ilipo yambiri."

"Ndamva, mayi," anayankha Fulumira iwo asanatsirize n'komwe.

Nthawi inalipodi. Koma munthu wanjala kuyambira dzulo, maola awiri amawaona ngati chaka. Anakumbukira kuti ofika msanga pa ukwati ndiwo amalawa chiwindi chootcha kuseri kwa nyumba, ndiye anaganiza zotsiriza msanga kuti akwere kabaza, lole imupeze komweko. Anati ngati madzi ofunda amatenga maola awiri, owira atenga mphindi zisanu. Anakoleza mbaula, n'kuponya mbewa ziwiri m'ketulo yobwata. Pozivuula, ubweya unatsala m'madzi, mimba zitaphulika, koma m'kati muli gwa. Dona anangotulutsa lilime kamodzi n'kutembenukira kukhoma. Mbewazo zinadyedwa ndi nkhuku za aneba.

Apa wanzeru akanatenga jumbo n'kukhala pansi. Fulumira anati cholakwa ndi madzi. Anatulutsa ziwiri zina n'kuziyandikiza pa makala kuti zingotenthedwa pang'ono. Koma ana inu, munthu wa ku Mponela akagwira mbewa pafupi ndi moto, manja amagwira okha ntchito imene anaphunzira ali mwana. Asanazindikire anali atazitumbula, kuzithira mchere, n'kuzipana pa mpani, zili psuu. Anamezera malovu, komabe anapita nazo kwa mwini wake. Dona sanatulutse ngakhale lilime. Nsato sidya zootcha, imafuna mbewa yathunthu, yofunda ngati yamoyo.

Akali kuinyengerera, lole inalira hutala kumsewu. Dalaivala wake, Wisikoti, analowa kudzamufulumiza, chinthu chimene chinali chisanachitikepo chibadwire Fulumira. Anaona mpani uja pa mbaula, n'kunena kuti njoka ikakana, anthu alipo. Anautenga, n'kumuuza kuti amudikira mphindi khumi basi.

Fulumira anatsegula firiji. Mbewa zinatsala ziwiri, zozizira ngati matalala, ndipo kusiya Dona ndi njala kunali kudzichotsa yekha ntchito. Ndipo anapeza nzeru yachitatu, imene inaposa zinzake zonse. Anavala jekete ija, n'kuika mbewazo m'thumba la m'kati, pafupi ndi mtima, ati zifunde ndi thupi lake uku akumanga nsapato. Atamanga nsapato, anatsegula bokosi n'kuweramiramo kuti achotse mbale ya madzi.

Nsato siona bwino, koma fungo siliiphonya. Inamva mbewa, inamva kutentha kwa munthu, n'kuganiza kuti lero kwabwera mbewa yaikulu. Inaluma jekete pathumba pomwepo, n'kudzikulunga pa mkono ndi paphewa.

"Mayo! A Wisikoti, thandizeni!"

Wisikoti anasuzumira pakhomo, mwendo wa mbewa uli pakamwa. Anayang'ana Dona, anayang'ana Fulumira, n'kunena mwaulemu kuti iye chiphaso chake n'choyendetsera lole, za njoka sanaphunzire. Posakhalitsa kumsewu kunamveka nyimbo za ukwati zikunka zichepa.

Fulumira anayesa kukoka, Dona n'kumanga. Anayesa kudumpha, Dona n'kuonjeza. Ndipamene anakumbukira mawu amene mayi aja anamuuza tsiku loyamba ntchito, akuti ikakukulunga usalimbane nayo, ungokhala phee. Anakhala pa thumba la gaga, thukuta lili kamukamu, m'mimba mukulira ngati chigayo. Ndikunena zoona, ine ndimamumvera chisoni pamenepa. Munthu amene sanakhalepo pansi mpaka tiyi kuzizira, anakhala osagwedeza ngakhale chala, akuganiza mbuzi zinayi.

Patapita maola awiri, mbewa zija zinafewa bwinobwino ndi kutentha kwa chifuwa chake. Dona anamasula mano, analowetsa mutu m'thumba, n'kumeza yoyamba mosafulumira. Anameza yachiwiri. Kenako anatsetserekera m'bokosi mwake n'kugona.

Fulumira anatseka bokosi n'kuliyatsa liwiro la ku Thondwe, jekete yobooka ikuuluka kumbuyo. Makabaza onse anali ku ukwati. Anathamanga, anayenda, anatsimphina, ndipo dzuwa litapendeka anakumana ndi lole ija ikubwerera, anthu akutokosa m'mano. Anamuuza kuti miphika yatsukidwa kale, ngakhale agalu akhuta, ndipo a Nachanza agona konko ndi kiyi wawo. Wisikoti anamukweza ulere, n'kumuyamikira kuti mbewa zija mchere unalowa bwino.

Lamulungu m'mawa mayiwo anamupeza m'kanyumba muja, akukokota phala m'ketulo. Thumba la gaga linali lotsegula, tiana ta mbewa tikumuyang'ana m'khola mwawo ngati tikufunsa kuti mlendoyu wadya gawo la yani.

Anafunsa ngati Dona wadya. Fulumira anati wadya, ziwiri, zofunda bwino.

"Zinatenga nthawi yaitali bwanji kuti zifewe?"

Fulumira anayang'ana m'ketulo. "Maola awiri, mayi."

A Nachanza anaseka mpaka kukhala pansi, ndipo pofika Lolemba nkhani inali itafika ku Mponela. Ndiye inu mukaona mnzanu akuphula nyemba zisanapse, kapena akuyankha funso lisanathe, musavutike n'kumulangiza zambiri. Mungomukumbutsa kuti Fulumira adadya gaga.