Sabata ya maswiti a mtedza, kuti ana asanyowe

Lolemba, pa 8 Epulo

Alipo: ine, bambo a m'nyumba muno, alamu anga mayi a Chisomo (mpaka 2 koloko masana), Chisomo wa zaka 9, Mphatso wa zaka 6.

Alamu atsika minibasi ya ku Lilongwe, asiya ana, akwera ina ya ku Mzuzu kukadwazika mayi awo. Abwera Lamulungu. Asiya chikwama chimodzi, mankhwala a chifuwa, ndi lamulo limodzi: "Alamu, chilichonse adye, paliponse agone, koma kunyanja ayi. Awa madzi amene amawadziwa ndi a m'beseni."

Ndalonjeza, dzanja lili pamtima.

Vuto ndi lakuti inenso kusambira sindidziwa. Kwathu ku Dedza mtsinje ukadzaza umalekeza m'mawondo. Papita zaka zisanu ndi chimodzi chiwasamutsireni bambo kusukulu ya kuno ku Chintheche, ndipo nyanja ndimangoilonjera patali. Kuchoka pakhomo pathu kukafika pamene madzi ayambira ndi mapazi 312. Ndinawerenga kale. Amenewo ndi mapazi anga. A Mphatso mwina 500, koma iye amathamanga.

Minibasi isanakhote n'komwe, Mphatso wafunsa: "Azakhali, chobiriwira chachikulu chija n'chiyani?" Ndati ndi kutali.

Nzeru ndaipeza: maswiti a mtedza. Mwana amene akudikira switi kuti iume sachoka pakhomo. Poto mmodzi tsiku lililonse mpaka Loweruka.

Zimene ndasonkhanitsa:
shuga makilo 2
mtedza mbale 3
majarini kachitini kamodzi
mandimu 4, a mumtengo wa a NyaManda oyandikana nafe
makala, theka la thumba

Kapangidwe kake ndinaonerera kamodzi kumsonkhano wa amayi kwathu. Ndinali kumbuyo kwa mayi wina wamtali, koma zambiri ndinaziona.

Bambo akuti: "Ana asiye nyanja yonseyo chifukwa cha shuga?" Ndati eya. Aseka, apita ku bawo.

Lachiwiri, pa 9 Epulo

Alipo: ana anga awiri, kenako atatu.

7:10 m'mawa. Lusungu, mwana wa a NyaManda, wa zaka 10, waima pampanda, tsitsi lonyowa kale. "Alendo, tiyeni tikasambe!" Ndamupatsa lichero asanamalize kulankhula. Ndamuuza kuti iye ndi kapitawo wa mtedza. Wavomera. Kapitawo sachoka pantchito.

Tatongola, takazinga, tafikisa kuti makoko achoke. Mbale zitatu za mtedza zasanduka mbale imodzi ndi theka. Palibe amene wadya. Onse atatu akutafuna.

Shuga m'poto, poto pa mbaula. Mayi wophunzitsa uja anati tizitakasa mpaka shuga aoneke ngati tiyi. Sanatchule tiyi wa ndani. Ine ndatsata wa bambo, wopanda mkaka, wamasamba supuni ziwiri.

Utsi! Nkhuku zathawa pakhonde.

Zatuluka zakuda bii, zowawa kumapeto. Ana adya zonse zimene zatheka kuchoka m'poto. Mphatso akuti: "Akukoma ngati makala a pa Khirisimasi." Sindikudziwa kuti anawadyera kuti.

Poto wanga wamkulu wamera chikhokho chakuda pansi. Ndamuviika kuseri kwa khitchini.

6 koloko, foni ya alamu: "Sanapite?" Sanapite.

Tsiku limodzi latha. Atsala asanu.

Lachitatu, pa 10 Epulo

Alipo: ana 8. Mbiri yamveka mpaka kumsewu. Ena sindikuwadziwa maina. Akulankhula Chitonga okhaokha, akatembenukira kwa ine Chichewa cha kusukulu, chaulemu kwambiri, maso ali pa shuga.

Ndabwereka poto kwa a NyaManda. "Tengani, ama, ngwotsuka." Ngwotsukadi, wowala.

Lero ndaopa kupsereza, ndiye ndaphula msanga. Ndathira pa thireyi. Mvula yayamba 9:40, chinyontho chili paliponse, ngakhale mchere m'botolo wanyowa.

10 koloko: sanaume.
11 koloko: sanaume.
12 koloko: Chisomo wakhudza ndi chala, chala chabwera ndi ulusi wautali mpaka pachigongono.
2 koloko: chimodzimodzi.

Maola anayi ana asanu ndi atatu akhala mozungulira thireyi, akupemerera ndi makatoni mosinthana. Palibe watchula nyanja. Maswiti alephereka, koma ine mumtima ndikuimba.

2:15 tagonja, tadya ndi masupuni. Supuni yoyamba ndi yanga. Shuga, mtedza, ndimu, kenako pambuyo pake penipeni: usipa. Poto wa a NyaManda wakhala akuphika usipa kuyambira Lusungu asanabadwe, ndipo sanaiwale.

Lusungu wanyambita supuni, waganiza, akuti: "Ama, apa yangosowa nsima ya kondowole."

Madzulo onse ndathera kuchotsa manyuchi m'tsitsi la Chisomo ndi madzi ofunda. Pamalo amodzi ndameta ndi lumo. Sipakuoneka akapendeketsa mutu.

Foni: "Sanapite?" Sanapite.

Lachinayi, pa 11 Epulo

Alipo: ana 13. Mmodzi wabwera ndi mng'ono wake kumsana, ameneyo sindikumuwerengera chifukwa alibe mano.

Shuga wanga watha. Ndatapa wa tiyi wa bambo, makapu atatu. Ndawauza, koma ndinali kunja ndipo wailesi inali ikulira.

Poto wachitatu, wanga wamng'ono, wotsiriza m'nyumba muno.

Lero mtundu wabwera bwino, wofiirira ngati uchi. Ndafuna majarini wopaka pa thireyi kuti maswiti asamatirire. Kachitini kali mbee. Mphatso milomo ikunyezimira. Akuti mwina ndi mphaka. Tilibe mphaka.

Ndathira choncho, poti shuga sadikira munthu.

Auma! Ana akuwomba m'manja. Auma kwambiri. Auma pamodzi ndi thireyi, zakhala chinthu chimodzi.

Zimene tayesa:
mpeni (wapindika)
chikwanje (chaterereka)
mwala (wasweka mwalawo)
hamala ya a kalipentala a kuseri kwa tchalitchi

Hamala yakwanitsa. Zidutswa zauluka bwalo lonse, ana akutola ngati nkhuku pa chimanga. Thireyi tsopano ili ngati bwato.

11:25, kukuwa. Mphatso wagwira pakamwa, chidutswa cha switi chili m'dzanja, dzino lili m'switimo chiimire. Linali logwedera kale, Chisomo wachitira umboni. Magazi pang'ono, madzi amchere, dzino taliponya padenga. Switi wakana kutaya.

Foni: "Ali bwino ana? Onse athunthu?" Ndayankha kuti kunyanja sanapite. Si bodza.

Mpopi wauma kuyambira masana.

Lachisanu, pa 12 Epulo

Alipo: ana 19. Bambo achoka m'mamawa, akuti m'nyumba muno mwasanduka sitandade 2.

Kilo ina ya shuga, mtedza mbale ziwiri. Mtedza ndatongola ndekha m'chipinda, chitseko chokhoma. Poto wamng'ono ndangopala pamwamba. M'malo mwa thireyi, masamba a nthochi opaka mafuta ophikira.

Lero zonse zayenda. Moto wochepa, kutakasa mosalekeza, dontho m'kapu ya madzi lalira kuti the! Ndathira, ndasalaza ndi botolo, ndalemba mizere ndi mpeni: isanu uku, khumi uku. Maswiti 50. Okongola ngati a m'sitolo. Ndinatsala pang'ono kulira.

Ndawaika patebulo pabwalo kuti awombedwe mphepo. Kwawala, kulibe mvula.

10:50, ana ayamba kukuwa: "Nkhungu! Nkhungu!" Ndayang'ana kumunsi. Chiutsi chakuda chaima pamwamba pa madzi, chikubwera kumtunda. Si utsi, ndi tintchentche ta m'nyanja tija, tochuluka kuposa mchenga. Amayi atuluka m'nyumba zonse ndi malichero onyowetsa, akuzunguza m'mwamba kuti tikole. Kwa iwo ndi ndiwo yagwa yokha.

Ana onse aimirira kuti athamangire komweko. Ine dzanja lamanja pa malaya a Mphatso, lamanzere pa diresi la Chisomo. Manja atha. Tebulo lilibe wolivundikira.

Mphindi khumi. M'maso, m'mphuno, m'makutu.

Chitadutsa, maswiti anga avala ubweya wakuda. Onse 50. Ndayesa kupukuta, tamira kale m'kati.

Chisomo walira. Akuti akauza amayi ake kuti kwa azakhali amadya udzudzu.

Ana a kuno abwerera, ayang'ana tebulo ngati aona chozizwitsa. Lusungu waluma, watseka maso. "Ama, awa ndiye maswiti." A NyaManda alawa kachidutswa ka mwana wawo, akufunsa kuti nkhungu ndimathira shuga asanawire kapena atawira. Ndati atawira.

Adyedwa 18, Chisomo wakana yake. Otsala 32 ndatsekera m'chitini, pamwamba pa kabati.

Foni: "Sanapite?" Sanapite. Nyanja ndi imene inabwera.

Loweruka, pa 13 Epulo

Lero tinayenera kuphika poto wotsiriza. Palibe poto.

Ali kuseri kwa khitchini: anga awiri, wa a NyaManda mmodzi, thireyi, mthiko, masupuni 9. Zonse zomata. Nyerere zapanga msewu wa mizere iwiri. Mpopi ukadali wouma, mumgolo mwatsala akumwa okha.

A NyaManda pampanda, mwaulemu: mawa akulandira alendo a ku Kande, poto wawo akufunika. Ayang'ana chikhokhocho. "Ichi n'cha mchenga wa kunyanja, ama. China palibe."

Bambo apita kumaliro. Ana ndikawasiya okha, anditsatira. Ndikawatenga, ndawatengera ndekha kumene ndinalonjeza kuti sakafika. Ndakhala pampando mphindi makumi awiri. Ndapemphera. Ndanyamuka.

Mphatso ndamumanga chitenje m'chiuno, nsonga inayo m'chiuno mwa Chisomo, mfundo ziwiriziwiri. Beseni pamutu. Kumbuyo kwathu ana a m'mudzi 21, aliyense akufuna kunyamula supuni.

Mapazi 312. Sanasinthe.

Tangoponda mchenga, ana a kuno ayamba kuvula malaya. Mphatso akukoka chitenje ngati mbuzi yaona msipu, Chisomo akukhukhuluzika pambuyo pake. Mmodzi yekha akalowa, basi, onse alowa.

Ine sindikuwa. Ngakhale nkhuku ndimaziingitsa monong'ona. Koma lero mawu atuluka okha, mpaka asodzi osoka maukonde atembenuka:

"Aliyense amene sanyowa lero, maswiti asanu!"

Ana onse aima.

Lusungu wafunsa: "A nkhungu?" Ndati a nkhungu. Malaya abwerera m'matupi.

Ndajambula mzere pamchenga ndi mthiko, mapazi khumi kuchoka pamadzi. Ana 23 akhala kuseri kwa mzere, miyendo yotambasula, akukwecha mapoto ndi mchenga. Ana obadwira pamadzi, nyanja ili apo, iwo ali gwaa ngati ali m'tchalitchi. Bambo wina wachikulire wasiya ukonde wake, wabwera kudzaona. "Amayi, mwawadyetsa chiyani ana athu?"

Koma mchenga ufuna madzi, ndipo wotunga palibe. Onse ndawaletsa ndekha.

Ndakwinya chitenje, ndatenga ndowa. M'kakolo. M'katumba. M'mawondo. Zaka zisanu ndi chimodzi, lero ndi loyamba. Ndowa yoyamba bwino, yachiwiri bwino. Yachitatu ndatembenuka kuti ndiwerenge ana, funde landimenya kumbuyo kwa mawondo.

Khu! Ndakhala pansi m'nyanja. Madzi m'khosi, duku lapita, ndowa yapita.

Lusungu wadzambatuka kuti adzandithandize, wafika pamzere, waima. Wayang'ana mzere, wayang'ana ine. Wabwerera kukakhala. "Pepani, ama!" Onse 23 pamodzi, mwaulemu: "Pepaniii!"

Ndadzuka ndekha. Madzi ake anali a m'mawondo omwe aja. Ndowa andivuulira bambo achikulire aja, akuseka mpaka kutsokomola.

Mapoto ayera onse atatu. Wa a NyaManda wabwerera kwawo 12:30. Athokoza m'Chitonga, "Yewu, ama," ndiponso akuti sanayambe wawala chonchi.

Onyowa: mmodzi.

Foni yalira 6 koloko. Ndauza Chisomo kuti anene kuti azakhali akusamba. Si bodza kwenikweni, ndinali ndikuchotsabe mchenga m'makutu.

Lamulungu, pa 14 Epulo

Alipo: ine, bambo, ana awiri, alamu kuyambira 1:20.

Mayi a alamu apezako bwino, atuluka m'chipatala. Alamu atsika, agwira ana, awatembenuza uku ndi uku. Apeza: dzino limodzi palibe, tsitsi pamalo amodzi palibe. Ndafotokoza zonse ziwiri motsatana ndi masiku ake.

Ndisanafike pa Loweruka, Mphatso: "Amayi, tinapita kunyanja! Azakhali anagwamo!"

Alamu andiyang'ana. Ine ndayang'ana pansi. Chisomo, Mulungu amudalitse mwana ameneyu: "Koma ife sitinanyowe ngakhale chala. Anatimanga."

Alamu akhala pakhonde pang'onopang'ono. "Ndiye munalowa inuyo, alamu? Inu a ku Dedza?" Aseka mpaka misozi, andigwira dzanja, sanalisiye msanga.

3:05 minibasi yanyamuka, ana awiri ali m'katimo, ouma, amoyo. Ndaima pamsewu mpaka yakhota. Ndikupuma mpaka pansi pa mimba, koyamba chiyambire Lolemba.

Za chitini. Munali 32. M'mawa ndapeza 29. Bambo akuti anatenga atatu okha, ndipo timadontho takuda ta mtedza wopserera ndi timene tikukometsa. Ndiwauza mawa.

Tisanapite kumsewu ana a m'mudzi anali atafola kale pampanda, malaya a kutchalitchi asanavule. Aliyense ndamupatsa imodzi, 21. Otsala 8 ndagawira apaulendo, anayi anayi. Maswiti a Chisomo wawadya Mphatso, koma ndalemba pa dzina la Chisomo.

Lusungu akuti ndisadandaule, abwera mawa 7 koloko onse, poto abweretsa okha. Nkhungu amayi ake anayanika zambiri.

Shuga m'nyumba mulibe. Bambo amwa tiyi wopanda kanthu.

Ana 23, asanu aliyense, ndi 115. Ndapereka 29.

Ngongole yanga: maswiti 86.