Mmene Ndinagwetsera Bulugamu pa Malata a Bambo

Mukadzafika ku Kambuzuma, lokeshoni yathu kuno kudziko la Ashona, n'kuona chipinda chimene denga lake lili ndi makwinya ngati chipumi cha nkhalamba, musadzanyoze amene analikhoma. Mudzafunse amene anagwetsa mtengo. Ndine amene. Ndalemba izi kuti mumve kwa mwini wake, pakuti amene akuifotokoza nkhaniyi mumsewu mwathu akuithira mchere wochuluka.

Pa tchuthi chapitachi, nditabwera kuchokera ku koleji, ndinapeza nyumba itadzaza. Azakhali anga, alongo awo a bambo, anali atathawa ku famu ya fodya kumpoto kumene nkhondo yomenyera ufulu yafika povuta, ndipo iwo ndi ana awo ankagona m'khitchini. Bambo, amene amagwira ntchito pa fakitale ina ku Willowvale, anali atamanga kale makoma a chipinda chatsopano kuseri. Malata anawapeza movutikira, limodzilimodzi (masiku ano lata ndi chinthu chochita kupempherera), n'kuwasanja bwinobwino pafupi ndi mpanda. Chotsala chinali mitengo ya denga, ndipo mitambo inali itayamba kale kuopseza. Bulugamu wamtali wa pabwalo pathu ndiye anaweruzidwa kuti afe.

"Loweruka kubwera azibambo a kumpingo ndi zingwe," anatero bambo. "Iwe usamukhudze."

Tsono ine ndili ndi nthenda imodzi: ndikakonda liwu, ndimalilondola mpaka kwawo. Chaka chino ndinakonda liwu la Chingerezi lakuti timber. Tsiku limenelo pa chakudya ndinaphunzitsa banja lonse popanda wondipempha. Ndinati liwuli limatanthauza matabwa, komanso mitengo imene ikadali chiimire koma ndi yoyenera kumangira. Ndinawonjezera kuti m'Chingerezi chamakedzana linkatanthauza nyumba yeniyeniyo, ndipo mbale wake wa ku Jeremani ndi liwu lotanthauza chipinda.

"Choncho, azakhali," ndinatero ndikuloza panja, "chipinda chanu chili kale m'kati mwa mtengo uwo. Changotsala n'kuchitulutsa."

"Zikomo, mwana wa achimwene," anayankha. "Koma ine m'mwamba sindigona."

Sindinafooke. Ndinafotokozanso kuti odula mitengo a ku Amereka amafuula liwu lomweli mtengo ukamagwa, pochenjeza anzawo, monga ndinaonera pa kanema ku holo. Apa ndiye pamene Satana analowera. Ndinaganiza kuti Loweruka azibambo aja adzangoti "Chokani!" basi, ndipo mwayi wofuula liwu lokongola chotere pamalo ake enieni udzandidutsa mpaka kalekale. Ndinayamba kuyeserera mfuuyo m'chimbudzi, mmene mawu amamveka aakulu. (Mayi anandifunsa kawiri ngati m'mimba muli bwino.)

Lachisanu, bambo atangokwera basi, ndinakabwereka nkhwangwa kwa Mai Chipo, Mshona wokoma mtima woyandikana nafe, amene aliyense wonyamula buku amamutcha ticha.

"Ticha, ndi manja amenewo?" anafunsa akuyang'ana zikhatho zanga. "Amenewo si a choko?"

Ndinawatsimikizira kuti maphunziro amalowa paliponse.

Vuto linali lakuti kanema uja anangoonetsa mtengo ukugwa. Chiyambi cha ntchito sanaonetse. Ndinagwiritsa ntchito nzeru za masamu. Ndinati ndikadula mofanana mbali zonse, mtengo sudzakondera mbali iliyonse, ndipo ine ndidzausankhira kogwera. Motero ndinadula mozungulira, ngati ndikusongola pensulo. Ndinamangirira chingwe cha mayi choyanikira zovala pamene dzanja langa linafika, n'kupitiriza kudula. Matuza anatuluka, n'kuphulika. Amayi a mumsewu anayamba kusonkhana kumpanda, ndipo ine, poona kuti ndapeza ophunzira, ndinakweza nkhwangwa kuposa poyenera.

Kenaka kunadza kamphepo. Bulugamu ananjenjemera, n'kuima kanthawi ngati akuganiza. Ndinakoka chingwe cha mayi ndi mphamvu zanga zonse. Chinangoti thapu! Ndipo mtengo umene ndinaudula mosakondera uja unasankha wokha: unaweramira kumene kunali malata. Pamwamba pa malatawo panali azakhali, atakhala phee, akusenda mbatata.

Owerenga anzanga, nthawi imene ndinaikonzekera inali itakwana. Ndinakoka mpweya, chifuwa chinadzaza, pakamwa panatseguka. Chimene chinatuluka ndi ichi:

"Mayo ineee! Azakhali thawani!"

Azakhali, amene nkhondo inawaphunzitsa kusafunsa mafunso, analumpha ngati mtsikana n'kugwera m'ngalande. Mtengo unafika pa malata ndi phokoso limene sindingathe kulilemba m'chinenero chilichonse chimene ndaphunzira. Zitseko zinamenyetsedwa msewu wonse. Agalu anathawa osauwa. Mai Chipo anagona chafufumimba m'bedi lawo la ndiwo za repu akukuwa m'Chishona kuti nkhondo yafika m'tauni.

Fumbi litatsika, azakhali anatulutsa mutu m'ngalande, mpeni udakali m'manja.

"Ndathawa mfuti ku famu," anatero, "kuti ndidzaphedwe ndi mtengo wa mwana wophunzira?"

Bambo atabwera anaima akuyang'ana malata awo atapindika ngati masamba a fodya wouma. Anayang'ana kumwamba kumene mitambo inali kuda, n'kuyang'ana ana a azakhali. Ine ndinangoti zyoli, ndikudziwa kuti mvula ikagwa adzagonabe pakati pa mapoto chifukwa cha ine.

"Liwu lako lija unafuula?" anafunsa.

"Ayi, bambo."

"Ngakhale limenelo walephera?"

Loweruka azibambo a kumpingo anafika ndi zingwe zawo n'kupeza mtengo utagona kale. Ataseka mokwanira, anabwerera kukatenga nyundo. Ndipo poti phokoso lija linali litalengeza nkhani yathu mpaka kutsidya kwa msewu waukulu, kunabweranso anthu amene sitinawaitane: ena ndi macheka, ena ndi misomali yakale yowongoledwa, Mai Chipo ndi chitini cha phula lomatira mabowo. Ine anandipatsa lata lopindika kwambiri kuti ndiliwongole ndekha, ndipo mmodzi wa akuluakulu a mpingo anandipempha mwaulemu kuti pogwira ntchitoyo ndisafotokoze chiyambi cha liwu lililonse.

Mvula yoyamba inapeza azakhali ali m'chipinda chawo. Padontha pamodzi pokha, pangodya, pansi pa lata limene ndinawongola ine. Iwo aikapo beseni, ndipo amati madontho amenewo ndi a ticha. Amavomerezanso tsopano kuti chipinda chinalidi m'kati mwa mtengo. Chimene amakana ndi katulutsidwe kake.

Ndaphunzira kuti pangozi lilime limathawira kwa mayi ake. Komabe mfuu ija ndikadali nayo pakhosi, yatsopano, yosagwiritsidwapo ntchito. Kuseri kwa Mai Chipo kuli mtengo wa mapeyala umene unasiya kubereka, ndipo dzulo ndinawapatsa moni mwaulemu wonse. Nkhwangwa yawo akuti inasowa.