Ulemu Wanga ndi Chisa cha Chiwombankhanga

Banja langa loyamba linatha chifukwa cha ulemu. Inu mukhoza kuseka, koma ine zimandiwawabe.

Munali m'zaka za Chitaganya pamene ndinakalowa chikamwini kufupi ndi mtsinje wa Bua. Mkazi wanga Nabanda ndinkamukonda kwabasi, koma kwawoko ankandiona ngati munthu wongodziwa kudya (sankanama kwenikweni). Ndinkafunafuna poonetsera chamuna.

Kumalire a munda wa apongozi, poyambira nkhalango, kunali mbawa yaitali. Pamwamba pake panali chisa cha chiwombankhanga, mulu wa nkhuni woti n'kuphikira mowa. Mbalameyo inali ndi tsumba pamutu, chifuwa chamawangamawanga, zikhadabo zotalika ngati zala zangazi. Sinkayendayenda m'mudzi ngati kabawi. Inkangokhala duu m'masamba, kenako n'kugwera nyama mwadzidzidzi.

Tsiku lina inanyamula kamwana ka mbuzi ya mkazi wanga. Nabanda analira. M'mawa mwake, anthu atapita kunyanja kukakoka khoka, ndinanola nkhwangwa osafunsa munthu, ulendo wa kumunda.

Ndili m'njira ndinamva mapazi kumbuyo. Kucheuka, apongozi aakazi akubwera chothamanga. Paja mkamwini saonana maso ndi apongozi, ndiye ndinapatukira kutchire. Iwonso anapatukira komweko. Ndinawonjezera liwiro.

"Bambo, taimani!" anakuwa.

Mumtima ndinati akufuna aone ngati ndinaleredwa. Ndinadutsa m'chitedze, kuwoloka khwawa, mpaka mayi okalambawo anatsala ali wefuwefu (ine n'kumadzitama kuti mwambo ndimaudziwa).

Mbawa ija ndinaigwetsa. M'chisa munali mafupa a apusi ndi mwana mmodzi wa nthenga zoyera, atathyoka khosi. Make anazungulira m'mwamba akulira kwa masiku, kenako sanaonekenso. Kulira kuja kunandilasa mumtima, sindibisa.

Chimanga chitayamba kukhwima, apusi anatsika m'nkhalango ndi ana awo omwe. Kale ankaopa mbalame ija. Tsopano ankadya ine ndikuona, ndikawathamangitsa uku atulukira uko. Chaka chimenecho nkhokwe inakhala yopanda kanthu, tinkagonera mango owiritsa.

Atsibweni a Nabanda anandiitana.

"Mtengo uja makolo athu anausiya dala," anatero. "Kambuzi kamodzi mwa apo ndi apo kanali chakudya cha mlonda wathu. Tengani mphasa yanu, achimwene, mukapume kwanu."

Nabanda anangowerama, misozi ili chuchuchu.

Ndikutuluka m'mudzi ndi kamtolo kanga, ndinakumana ndi mayi aja. Ulendo uno anandiyang'ana m'maso, poti chipongozi chinali chitatha.

"Mukanangoima tsiku lija, bambo," anatero mofatsa. "Mwana wanga amakukondanitu."

Apo ndiye ndinaima, nthawi yaitali ndithu, koma analibenso china choti andiuze.