Nyumba ya Zingwe ya Ada Overtoun

Zikhomo 46 ndi mpukutu umodzi wa chingwe chosokera ukonde, basi. Nyumba ya Ada Overtoun, bambo wokalamba wa m'mudzi mwathu, inali yomweyo. Zikhomozo ndinaziwerenga ndekha, pajatu ine Wanangwa ndimagulitsa mpunga pa Mpamba, ndipo chinthu chikangoima pamaso panga ndimachiwerenga. Aliyense wodutsa njira ya ku Limphasa ankaiona nyumbayo: bwalo losesedwa bwino, chingwe chofika m'mawondo chitazungulira zipinda zogona, balaza, khitchini, bafa ndi khonde. Njerwa panalibe ngakhale imodzi. Mwini wake ankagona kuseri, m'kanyumba kaudzu kamene ankati n'kongoyembekezera. Kanayembekezera zaka zoposa makumi awiri.

Lamulo linali limodzi: chingwe salumpha. Chingwe ndi khoma.

Tsiku lina kunabwera mayi wazaumoyo, wongotumizidwa kumene kuchokera ku Dedza, kudzagawa maneti a udzudzu. Analumpha chingwe choyamba, nalumpha chachiwiri, n'kuima.

"Odi kuno, agogo!"

Ada Overtoun anagwira mutu ndi manja onse awiri. "Ama, mwaboola makoma awiri! Ndipo pamene mwaimapo ndi m'bafa. Mukanandipeza ndikusamba bwanji?"

Mayiyo anayang'ana pansi, nayang'ana kumwamba. "Bafa lake liti, agogo?"

"Tulukani kaye. Mudzere pakhomo ngati munthu woleredwa."

Anazunguliradi mayi wa anthu, chikwama kukhwapa, mpaka anapeza mpata pakati pa zikhomo ziwiri.

"Zipinda zogona zilipo zingati pano?"

"Zinayi."

"Ogonamo?"

"Akubwera."

Anawapatsa neti imodzi, ndipo Ada anadandaula za tsankho limeneli mwezi wathunthu.

Mbuzi ikalowa, sankaipirikitsa chisawawa ayi. Ankaiongolera ndi ndodo, kudutsa nayo pabalaza, mpaka itatulukira pakhomo. Akulu a mpingo akabwera kudzawachezera, ankawakhazika pabalaza pomwepo, dzuwa lili pamutu. Ulendo wina mvula inayamba pemphero lili pakati. Atanena ameni, onse atanyowa, Ada anati, "Pepani alendo, denga likudontha pang'ono chaka chino."

Chimene ankadana nacho koposa chinali nyumba yosanja. Paunyamata wawo anali khukhi m'nyumba ya mzungu wina ku Joni, ndipo nkhani ya masitepe sinkatha pakamwa pawo. "Tiyi wa m'mawa, kukwera. Bwana waiwala magalasi, kukwera. Dona akufuna madzi, kukwera. Mawondo angawa anatsala pamasitepe amenewo, kuno kunangobwera makoko. Munthu si nyani, Wanangwa. Nyumba ndi imene khanda lokwawa ndi nkhalamba ya ndodo amafika paliponse."

Chaka chatha mpunga unandiyendera. Ndinagula malo, n'kuwotcha njerwa 14,000. Chimene ndinkafuna kwenikweni chinali kukatenga Ama, mayi anga, amene atsala okha ku Sanga chimwalirireni bambo. Mlamu wanga anatumiza mapulani awiri pafoni kuchokera ku Joni, ndipo ine ndi chimwemwe changa ndinathamangira nawo kwa Ada.

Anaigwira foniyo patali ngati njoka. "Masitepe awa akwera ndani? Amako?"

Yosanjayo inafera pomwepo, ndipo kunena zoona njerwa zanga zikanathera pamawindo. Inatsala yapansi: balaza lalikulu kutsogolo, kolido yaitali, ndipo kumapeto kwenikweni chipinda cha Ama, chachikulu kuposa changa, cha bafa lakelake.

"Iyi ndiye yabwino, Ada. Onani."

"Nyumba saona pafoni. Amayesa ngati nsapato. Loweruka ubwere ndi banja lonse, amako asatsale."

Loweruka tinakhoma zikhomo pamalo anga, tinakoka chingwe motsatira pulaniyo. Ada anakhala pampando, ndodo ili pamiyendo, ngati woimbira mpira. Mkazi wanga Juliet anamuuza kuti abereke mwana wathu Tiyamike, asenze ndowa yodzaza. Ine anandisenzetsa thumba la mpunga la makilo 50.

"Lowani m'nyumba mwanu."

Ndisanapite patali, ndodo inagunda pansi. "Ima! Khomo limeneli ndi la mphaka?"

"Ndi muyezo wa papulani, Ada."

"Khomo liyenera kulowetsa bedi ndi kutulutsa bokosi. Ukalichepetsa adzakutulutsira pawindo ngati katundu wakuba. Suntha chikhomo."

Ndinasuntha. Kenako ndinayenda kolido yonse ndi thumba kumsana kufunafuna poliika, mpaka ndinalitula m'chipinda chathu chogona, chifukwa pulani ya ku Joni sinkadziwa kuti kuli anthu ogulitsa mpunga. Juliet naye anaima pakati pa balaza, madzi akumudonthera m'khosi.

"Bambo a Tiyamike, ndiye tsiku lililonse ndizidutsa ndi ndowa pamaso pa alendo anu? Khomo lakuseri lili kuti?"

"NyaPhiri wanena," anatero Ada, akuloza Juliet, akuseka mpaka kutsokomola. "Mlamu wakoyo madzi amatunga m'khoma. Kuno amachokera kumjigo."

Tinaseka tonse. Kenako anatembenukira kwa Ama. Anawaperekeza mwaulemu m'kolido mpaka kuchipinda chawo chakumapeto, nawayalira mphasa. Ife anatikhazika pabalaza, natulutsa nthochi, nayamba nkhani za ku Joni. Nditatembenuka kuti ndiwafunse Ama ngati akufuna nthochi, ndodo inandigwera paphewa.

"Ukulankhula ndi ndani? Pali makoma atatu apa."

Tiyamike anakwawa kulunjika kwa agogo ake, nafika pachingwe. Ada anamunyamula n'kumubweza. "Khoma, mwanangu."

Poyamba zinkaseketsa. Koma nkhani zinapitirira, dzuwa linasuntha, ndipo Ama anali chikhalire pamphasa paja, manja ali pamiyendo, akutiona tikuseka koma osaloledwa kutiona. Nthochi yanga ndinaiika pansi. Potsiriza anadzuka, anakonza chitenje, anayenda m'kolido bwinobwino osakhudza chingwe, natulukira pakhomo.

"Mwana wanga, nyumba ndi yabwino," anatero. "Koma ine ndikhala ku Sanga komweko. Kumene kuja nkhuku zimandilonjera."

Anakwera kabaza tsiku lomwelo.

"Ada, ndawapatsa chipinda chachikulu kuposa changa!" ndinatero, mtima ukuwawa.

"Wawasunga ngati thumba la mpunga: pouma, pabata, kutali ndi anthu. Tiye ukaone."

Anandilowetsa m'nyumba yawo ya zingwe, pakhomo ndithu, nandionetsa timaenje takale pansi, momwe zikhomo zinkakhala poyamba. Pulani yawo yoyamba inali ngati yanga. Ana awo awiri, Trevor ndi Peter, amene ali ku Joni, aliyense anali ndi mbali yake, khomo lakelake, kolido pakati. Chaka ndi chaka Ada ankazula chikhomo apa, kukhoma apo, ndipo mkazi wawo Ama Gertrude atamwalira, kolido anaichotseratu. Tsopano zitseko zonse zinkatsekukira pabalaza.

"Kolido ndi msewu wa m'nyumba," anatero. "Anthu amangodutsana. Ukakhala wekha m'pamene umadziwa kuti khoma lililonse limadya mawu."

Kuseri kwa kanyumba kawo kunali mulu wa malata atsopano, ofundidwa ndi pulasitiki. Anatumiza ndi anawo, kalekale.

"Nanga bwanji osamanga, Ada? Malata alipo."

"Ndimange bwanji chipinda cha munthu amene sanaimemo? Abwere, aime apa, anene pamene akufuna windo."

"Akuti abwera liti?"

"Disembala."

"Disembala wake uti?"

"Chaka sanatchule."

Anaseka, koma anaseka okha.

Sabata yotsatira tinazula zikhomo zanga zonse n'kuyambanso. Zipinda zogona zitatu, zitseko zonse pabalaza. Chipinda cha Ama chinachepa, koma chinabwera pafupi ndi khonde, ndi khomo lachiwiri lotulukira pakhondepo. Khitchini kuseri, khomo lake loyang'ana kumjigo. Chosungiramo mpunga pambali, cholowera panja. Nditawerengetsa, njerwa zinakwana, zina n'kutsalako za chimbudzi. Koma Ama nditawaimbira anati ali ndi chinangwa choti azule. Nditawaimbiranso anati mwendo. Ada anati, "Usakumbe maziko asanakhalemo. Dikira." Ndinadikira, njerwa zikumera udzu pauvuni.

Ndili kudikira choncho, Ada anamwalira. Amene anawapeza ndi mayi wina wogulitsa nthochi. Anafika pakhomo m'mawa, nawaona atakhala pampando wawo pabalaza, chipewa chili kumaso. Ananena odi katatu. Akuti anaima pamenepo nthawi yaitali ndithu, dengu lili pamutu, chifukwa ankaopa kulowa m'nyumba ya mwini asanayankhidwe.

Trevor ndi Peter anabwera, ndipo sanali Disembala. Galimoto itaima, Trevor anatsika, magalasi akuda ali kumaso, nalunjika kumene kunali bokosi la bambo ake. Atangonyamula mwendo kuti alumphe chingwe, khamu lonse, ndi amayi a mpingo a Umanyano omwe amene anali pakati pa nyimbo, linakuwa pamodzi:

"Khomo!"

Anauma, mwendo uli m'mwamba. Anthu tinaseka pamaliro, abusa omwe anabisa nkhope m'buku la nyimbo, ndipo kusekako sikunachedwe kusanduka kulira. Trevor anavula magalasi, nazungulira, nalowera pakhomo.

Bokosi tinalinyamula amuna asanu ndi mmodzi kuchokera pabalaza. Linatuluka pakhomo paja osakhudza chikhomo, mpata n'kutsala uku ndi uku. Pobwera kumanda ndinaona Peter ataima yekha m'chipinda chimene anamuuza kuti n'chake. Anayang'ana uku ndi uku, naloza chakum'mawa. "Windo likanakhala apa," anatero, koma wosuntha chikhomo panalibe.

Ama anabwera kumaliroko. Tisanawapezere kabaza wobwerera ku Sanga, anandigwira mkono. "Tiye ndikaone zingwe zakozo."

Analowera pakhomo, nanena odi, ngakhale munalibe munthu. Juliet anawayalira mphasa m'chipinda chawo chatsopano, ife tinakhala pabalaza. Panalibe wa ndodo, panalibe wa nthochi. Tiyamike anakwawa, nadutsa pampata wa chitseko, nakwera pamiyendo ya agogo ake. Ama anayang'ana khonde, anayang'ana kukhitchini kumene Juliet azidzaphikira, anayang'ana ife.

"Windo liyang'ane kumsewu," anatero. "Ndiziona odutsa. Nkhuku zanga muzipezere malo."

Ndinatembenuka kuti ndione ngati Ada amva. Pamene pankakhala mpando wawo panali udzu basi.

Ana awo anabwerera ku Joni, malata ali pomwe paja. Zingwe zayamba kulendewera, zina zaduka, ndipo mbuzi zimagona m'bafa popanda wozifunsa. Ndikamadutsa ndi njinga kuchokera ku Limphasa, matumba ali pakaliyala, ndimachepetsabe liwiro, kudikira mawu aja akuti, "Wanangwa, lowa, tiyi ali pabalaza!" Kuli zii. Koma ndaona ana asukulu akamadula njira pamenepo, palibe amene amalumpha chingwe. Amazungulira, kulowera pakhomo lakutsogolo, n'kutulukira lakukhitchini.

Lolemba amisiri awiri akubwera. Tiyamba kukumba maziko, kuyambira chipinda cha Ama.